Loweruka ndi Lamlungu ku Zanzibar: yambani mwaona nthawi ya madzi

Mavolontiya ambiri ogwira ntchito ku Dar es Salaam akapeza mpata amathamangira ku chilumba cha Zanzibar, ndipo ena amabwerako atakhumudwa chifukwa anafika kugombe n'kupeza madzi kulibe. Ife ozolowera nyanja ya Malawi timadziwa kuti madzi ukawasiya pamwala m'mawa, madzulo ukawapeza pomwepo. Nyanja ya mchere siitero. Imaphwa kawiri ndi kudzaza kawiri pa tsiku, ndipo nthawi yake imachedwa ndi mphindi pafupifupi 50 tsiku lililonse. Ku Paje ndi ku Jambiani, kum'mawa kwa chilumbachi, madzi akaphwa amathawira kutali kwambiri, makamaka mwezi ukakhala wathunthu kapena ukangooneka kumene. Choncho musanagule tikiti, onani pa intaneti ndandanda wa nthawi ya madzi ya masiku amenewo. Ngati adzadzaza masana, pitani kum'mawa. Ngati adzadzaza mbandakucha ndi usiku, pitani ku Nungwi kapena ku Kendwa, kumpoto, komwe munthu amasambira pafupifupi nthawi ina iliyonse.

Boti la kampani ya Azam limatenga maola ngati awiri kuchokera ku Dar es Salaam kukafika ku Zanzibar. Tikiti muigule pa ofesi yeniyeni kapena pa intaneti, osati kwa anyamata okuthamangirani pachipata. Pasipoti musaisiye, chifukwa ngakhale ndi dziko limodzi la Tanzania, pofika amaiona. Amene ali ndi chilolezo chokhala m'dzikomo achitenge, mtengo wa tikiti umatsika. Kuyambira mu October 2024, alendo ochokera kunja amafunikanso inshuwalansi ya Zanzibar Insurance Corporation, ilipireni musananyamuke.

Usiku wa Lachisanu gonani mu Stone Town, tauni yakale komwe boti limafikira, mukadye ku Forodhani, paki ya m'mphepete mwa nyanja pomwe amagulitsa zakudya usiku. Apa m'pofunika maso. Nsomba, nkhanu ndi pweza (octopus) zoyalidwa bwino pamatebulo nthawi zambiri zimakhala zophikidwa kale, amangozitenthetsa pamakala, ndipo ambiri amadwala nazo m'mimba. Sankhani chophikidwa inu mukuona. Zanzibar pizza amaipanga pompo: ufa wokanda wopyapyala, nyama yogaya, anyezi, dzira laliwisi, kenako amaipinda n'kuikazinga pachiwaya mpaka ifiire mbali zonse. Koma chimene sindingalole mnzanga kuchiphonya ndi urojo, msuzi wachikasu wowawasa ndi mango kapena ndimu, momwe amathiramo mbatata ya kachewere, bajia, tchipisi ta chinangwa ndi tsabola. Funsani mtengo musanaloze chakudya, ndipo m'gulu mwanu musankhe mmodzi wosunga ndalama zosonkha. Aliyense akamalipira payekha mumdima, mkangano wa chenji suchedwa. Ndalama tapani m'tauni momwemo, makina a kumagombe ndi ochepa ndipo amatha ndalama Loweruka.

Loweruka m'mawa, musanakwere daladala (minibasi) pa siteji ya ku Darajani, patulani ola limodzi mupite ku tchalitchi cha Anglican ku Mkunazini. Chinamangidwa pamalo pomwe panali msika wa akapolo, womwe unatsekedwa mu 1873. Ambiri mwa ogulitsidwa pamenepo anachokera kwathu kuno, kudutsa pa Nkhotakota ndi Kilwa. Mmalawi sayenera kungodutsa pamalopo. Valani zofika m'mawondo ndi zobisa mapewa, chifukwa anthu ambiri kumeneku ndi Asilamu. M'mwezi wa Ramadan musadyere pamsewu masana.

Kuchokera ku Stone Town kukafika ku Paje ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 50, koma daladala imaima paliponse, ndiye werengerani ola ndi theka kapena kupitirira. Mukakhala anayi kapena asanu, kugawana takisi kumapulumutsa nthawi.

Madzi akaphwa musakhale pansi n'kumadandaula. Iyi ndi nthawi yomwe amayi amalowa m'minda yawo ya mwani, ndere za m'nyanja zomwe amamangirira pa zingwe pakati pa zikhomo. Yendani m'mbali mwa mindayo, osaponda zingwe, ndipo pemphani musanajambule munthu. Kuphazi valani nsapato za pulasitiki, popeza m'miyala mumabisala tizilombo takuda ta minga italiitali. Mingayo ndi yofooka, imathyokera m'thupi, ndiye mukaikumba ndi singano mumangoiphwanya. Zulani yoonekera yokha, viikani phazi m'madzi otentha omwe khungu lingapirire kwa theka la ola, ndipo likatupa kapena munga ukalowa polumikizira chala, pitani kuchipatala. Kumbukiraninso kuti madzi akayamba kubwerera amadzaza kaye makwawa a kumbuyo kwanu, choncho tembenukani pasanathe ola limodzi nthawi yophwa ikangodutsa.

Lamlungu musadalire boti lomaliza, limadzaza msanga ndipo limanyamuka dzuwa likadali m'mwamba. Kuyambira June mpaka September mphepo ya kusi, yochokera kum'mwera, imavundula nyanja masana, ndiye amene amachita chizungulire amwe mankhwala mphindi 30 boti lisananyamuke, akhale chakumbuyo pansi, ndipo biriyani ya ku lesitilanti ya Lukmaan mu Stone Town aidye Loweruka, osati atatsala pang'ono kukwera.