Tinakaona opaleshoni ya galu wa ng'ala

Loweruka lapitali tinanyamuka anthu 7, tonse Amalawi ogwira ntchito m'zipatala za ziweto kuno ku Joni. Ambirife timagwira agalu pobaya, kutsuka makola ndi kukonza zipangizo. Tinakumana ku Randburg m'mamawa, chisanu chili m'mafupa, n'kukwera takisi kupita kuchipatala china chachikulu chimene chinatiitana.

Galu wa tsikulo anali wamkazi, wa makilogalamu 20, wodwala shuga, maso onse ali mbuu ndi ng'ala. Atamugoneka ndi mankhwala n'kumulowetsa chubu kukhosi, adokotala anatikodola kuti tiyandikire. Anakweza chikope, ndipo tinaona diso litatembenukira pansi, mwanadiso atabisala. Agalu amatero akagona tulo ta opaleshoni, ndipo wochotsa ng'ala sangagwire ntchito diso lili chotero.

Apa anatulutsa atracurium, mankhwala ofooketsa minofu, mufiriji n'kuwerengera tonse tikuona: 0.2 mg pa kilogalamu, ndiye 4 mg, ndipo poti m'botolomo muli 10 mg pa mililita, anakoka 0.4 ml basi. Kadontho chabe! Koma asanabaye mumtsempha anayamba ayatsa makina opumira. Posakhalitsa diso linabwerera pakati, lili tong'oo kuyang'ana kudenga, ndipo galuyo anasiya kupuma yekha.

Achimwene ena a ku Dedza anafunsa: “Ndiye kuti pano wagoneratu, adokotala?”

Yankho lake sindidzaliiwala. Mankhwalawa sagonetsa ndipo sapha ululu. Amangotseka njira pakati pa mnofu ndi mtsempha wobweretsa mauthenga ochokera ku ubongo. Mankhwala ogonetsa akachepa, galu angamve mpeni koma osatha kulira, kuphethira ngakhale kugwedeza khutu. Ine ndinazolowera kuti galu akati zii patebulo ndiye kuti zili bwino, moti thupi linachita tsembwe. N'chifukwa chake namwino sanachotse maso pa kugunda kwa mtima ndi kuthamanga kwa magazi, popeza galu wotere alibe pakamwa pena podandaulira.

Pamwendo wakumbuyo, chakubondo, anali atamangapo kachipangizo kamagetsi kamene kamatekenya mtsempha wa mauthenga kanayi motsatizana. Asanabaye, phazi linkadumpha kanayi mofanana. Atabaya, linangoti duu. Patapita mphindi ngati 25 kudumpha kunayamba kubwerera kumodzikumodzi, kwachinayi kukubwera pomalizira. Poti diso lachiwiri linali lisanathe, anawonjezera mankhwala, koma ochepa kuposa oyamba aja, ndipo anatsatira phazilo, osati wotchi.

Tinamvanso za mankhwala ena ofooketsa minofu, rocuronium ndi vecuronium, zimene zimadalira kwambiri chiwindi kuti zituluke. Atracurium imasungunuka yokha m'magazi, choncho imayenera galu wa chiwindi kapena impso zofooka. Koma thupi likazizira imachedwa kutha. Apa mpamene nkhaniyi inatikhudza ife eni, chifukwa woyala bulangete lotenthetsa pansi pa galu ndi ifeyo. Gentamicin, mankhwala opha mabakiteriya, nayenso amatalikitsa mphamvu ya mankhwalawa, ndiye ngati galu anabayidwa m'mawa, tiyenera kunena msanga.

Pomaliza sanathamangire kuzimitsa makina. Anadikira phazi liyambe kudumpha bwino, kenako anabaya neostigmine wothetsa mphamvu ya atracurium pamodzi ndi glycopyrrolate woteteza mtima, chifukwa neostigmine payekha amachedwetsa mtima. Chubu anachotsa kudumpha kwachinayi kutafika pa magawo 9 mwa 10 poyerekeza ndi koyamba, galu akupuma mozama yekha ndi kumeza.

Amayi ena a ku Mzimba, amene akhala pantchitoyi zaka zambiri kuposa tonsefe, anapempha kuti akhale naye m'chipinda chotsitsimukira. Anamufunditsa, dzanja lili pachifuwa pake kuwerenga mpweya, chifukwa kufooka kumatha kubwereranso. Takisi yoyamba inatisiya tikuwadikira. Tinatuluka galuyo atadzutsa mutu, atavala kolala yapulasitiki, akutsatira ndi maso dzanja la amayi aja.