Ma driver analibe mlandu

Sabata ino yandisiya ndi mkwiyo, ndipo wondikwiyitsa si kasitomala ayi. Ndi mmene kampani yathu yoika magetsi owunikira m'nyumba imachitira ikangomva kuti magetsi akuphethira. Safunsa kuti akuphethira nthawi yanji, pa kuwala kotani, kapena china chimene chimakhala chikuyenda m'nyumbamo pa nthawiyo. Amangotulutsa driver watsopano, kabokosi kamene kamadyetsa magetsi ku mababu a LED, n'kunena kuti "kasintheni."

Lolemba ndi Lachiwiri zinali zozolowereka. Lolemba tinali ndi mababu a LED okana kuzimiratu. Swichi zake zinali zija zopanda neutral, zimene zimadzidyetsa podutsitsa timagetsi tochepa m'babu momwemo. Babu lakale silinkamva kanthu ndi timagetsi totere, koma LED ya mawati 5 imatisunga mu capacitor yake mpaka kuyamba kuwala mozilala kapena kuthwanima kamodzikamodzi. Tinaika bypass, kachida kopatsa timagetsi tija njira ina, pa babu loyamba la mzere uliwonse, pakati pa live wochokera ku swichi ndi neutral, basi nkhani n'kutha.

Lachiwiri inali Zigbee, njira imene zida za m'nyumba zimalankhulirana popanda waya, yochedwa kuyankha. Ka coordinator, kamene kamatsogolera zida zonse za Zigbee, kanali kolowetsedwa mu USB 3.0, moyandikana ndi hard disk, m'kabati yachitsulo. USB 3.0 imatulutsa phokoso la magetsi pa 2.4 GHz pomwepo pamene Zigbee imalankhulira. Tinakasamutsira pa USB 2.0 ndi kebulo ya mita imodzi ndi theka, n'kukatulutsa m'kabatimo. Zigbee inali pa channel 11, yomwe ndi 2405 MHz, pamene Wi-Fi inali pa channel 1, yomwe pakati pake ndi 2412 MHz, ndiye zinkapondana. Tinasuntha Wi-Fi kupita pa channel 11 yake, 2462 MHz. Manambala awiriwa amasokoneza ambiri: 11 ya Zigbee ndi 11 ya Wi-Fi zili kumalekezero osiyana a bandi. Kusuntha Wi-Fi n'kosavuta kusiyana ndi kusuntha Zigbee, chifukwa zida zina za batire sizitsatira channel yatsopano mpaka utazilumikizanso.

Ntchito imene yandidyera sabata inayamba Lachitatu. Nyumba yaikulu yansanjika, pabalaza pali ma downlight ndi LED strip, ma driver 12, onse olamulidwa ndi mawaya a 0-10V kuchokera ku module imene ili mu panel: 10V ndi kuwala konse, mavolti akatsika kuwala kumatsikanso. Dandaulo lake: madzulo kuwala kumanjenjemera, pena kukwera pena kutsika, popanda wokhudza swichi. Mufayilo ya ku ofesi munalembedwa kuti ma driver onse anasinthidwa, module inasinthidwa, pulogalamu inaikidwanso, ndipo ulendo uliwonse unatsekedwa ndi mawu akuti "zakonzedwa." Palibe paliponse pamene panalembedwa kuti munthu analiona vutolo ndi maso ake.

Ndisanatsegule bokosi la zida ndinayamba ndafunsa. Eni nyumba anati zimachitika madzulo okha, ndipo nthawi zina limadutsa ola lathunthu osachita. Amene anandipatsa poyambira ndi mayi ogwira ntchito m'nyumbamo. Anati, "Bambo, ine ndimaona zimakonda kuchitika wina akalowa kubafa." Nyumbayo ili ndi pampu yokankha madzi, yoyendetsedwa ndi VFD, chipangizo cholamulira liwiro la mota, ndipo imadzuka yokha munthu akatsegula mpopi.

Tinatseka makatani, kuwala tinatsitsira pa 15%, mnzanga n'kupita kukatsegula shawa. Pampu itangoyamba kuzungulira, pabalaza ponse panayamba kunjenjemera. Atatseka, pampu inaima, kuwala n'kukhazikika. Tinabwereza pa 100%, osaona kalikonse. Apa m'pamene panagona chifukwa chimene anzathu aja ankalembera kuti zakonzedwa: ankafika masana, n'kuyatsa mpaka pamapeto, n'kuona kuti zili bwino. Pa 10V driver amakhala kale pamapeto pa mphamvu zake, ndiye kagwedezeko sikaonekera.

Kudziwa kuti ndi pampu sikunali kokwanira. Funso linali lakuti vuto likulowera khomo liti, chifukwa makomo alipo awiri ndipo mankhwala ake ndi osiyana. Loyamba ndi mawaya a magetsi enieniwo: mphamvu kutsika pampu ikamadzuka, kapena neutral wosamangika bwino. Ndinaika mita pa min/max pakati pa live ndi neutral, ndipo inangotsika ndi mavolti awiri kapena atatu, zimene n'zoyembekezeka popeza VFD imadzutsa mota pang'onopang'ono. Pakati pa neutral ndi earth sipanafike volti imodzi. Ma terminal onse a neutral mu bokosi la ma breaker anali olimba, opanda chizindikiro cha kupsa.

Khomo lachiwiri ndi mawaya awiri a 0-10V. Ndinawachotsa pa driver mmodzi n'kuikapo potentiometer ya 100 kΩ, kachida kotembenuza posintha kuwala, pomwepo, ndi timawaya tatifupi, n'kuitsitsa mpaka kuwala kufanane ndi kwa anzake. Shawa itatsegulidwa, ma driver 11 ananjenjemera, mmodzi uja phee. Magetsi akudya omwewo, breaker yomweyo, kusiyana kwake ndi waya wolamulira yekha. Kuyesa kumeneku sikutha mphindi 20, ndipo kukanapulumutsa ma driver 12 amene anatsitsidwa kudenga popanda mlandu. Ali m'katoni ku ofesi, olembedwa kuti owonongeka. Ndawayesa pa benchi, onse akugwira.

Pa mawaya olamulira aja, multimeter pa DC inkangosonyeza 1.5V yosasuntha, chifukwa imatenga avareji ndipo zothamanga kwambiri siziona. Pankafunika oscilloscope, chida chojambula pa sikirini mmene mavolti akusinthira. Kampani imene imaika zinthu ngati izi tsiku ndi tsiku ilibe oscilloscope ngakhale imodzi, ngakhale takhala tikupempha. Ndinachita kukabwereka ya batire kwa mnzanga. Ya batire kapena ya differential probe ndiyo yoyenera, chifukwa ija ya pa benchi kachingwe kake ka ground n'kolumikizidwa ku earth, ndipo si ma driver onse amene mbali yawo ya 0-10V ndi yolekanitsidwa bwino ndi magetsi aakulu. Pa sikirini panaoneka timinga takuthwa titakwera pamwamba pa 1.5V ija, tobwerezabwereza mogwirizana ndi 8 kHz. Nditayang'ana mu VFD, carrier frequency, kutanthauza maulendo amene imadula magetsi pa sekondi, inali pa 8 kHz. Ndinaitsitsira pa 4 kHz kwa kanthawi, timinga tija n'kutalikirana. Sipanafunikenso umboni wina.

Kuti ndipeze malo ake ndinagwiritsa ntchito kawailesi ka AM, nditakaika pamene palibe siteshoni, n'kumayenda nako m'munsi mwa siling'i. Pabalaza kankangolira pang'ono, koma m'kanjira kopita kukhitchini kanayamba kubangula. Titatsegula trunking, bokosi lalitali lodutsamo mawaya, tinapeza izi: VFD anaiika m'chipinda cha panel, mota ili panja, ndipo kebulo yochoka ku VFD kupita ku mota ndi yawamba, yopanda shield, chikuto chachitsulo chotchinga phokoso. Yagona limodzi ndi mawaya a 0-10V mtunda wa mamita pafupifupi 14, zomangidwa ndi ma cable tie amodzi ngati mtolo wa nkhuni. Mawaya a 0-10V nawonso si opotana ayi, ndi kebulo ya alamu.

VFD siipatsa mota magetsi osalala. Imawasandutsa DC kenako n'kumawadula maulendo masauzande pa sekondi, ndipo kudula kulikonse kumakwera mavolti mahandiredi m'kanthawi kosakwana microsecond imodzi. Mawaya awiri ogonerana amapanga capacitor pakati pawo, ndipo kusintha kothamanga chonchi kumadutsa mu capacitor imeneyo mosavuta. Mtunda wogonerana ukatalika, zodutsazo zimachuluka. Mzere wa 0-10V ndi wofooka, mumayenda magetsi osapitirira ma milliamp ochepa, ndiye ulibe mphamvu yokanira zobwera kuchokera kunja. Diso silingaone 8 kHz, koma polowera pa driver pamakhala ma diode oteteza amene amawongola timinga tija n'kutisandutsa kusuntha kwa DC, ndipo pampu ikamasinthasintha liwiro potsatira mpopi, kusunthako kumasinthanso. Pa 1.5V, kusuntha kwa 0.3V ndi gawo limodzi mwa magawo asanu a lamulo lonse, komanso m'chipinda chamdima diso limagwira kusintha kochepa kwambiri.

Chimene chandiwawa n'chakuti pa pulani panalembedwa bwinobwino kuti mzere wolamulira ukhale wa mawaya opotana okhala ndi shield. Tsiku lokoka mawaya kebuloyo kunalibe, wina ku ofesi n'kulamula kuti akoke ya alamu, "pajatu ndi mavolti 10 okha." Pampu inabwera pambuyo pake ndi kontrakitala wina, ndipo palibe anam'patsa chojambula chosonyeza zimene zili mu trunking, chifukwa chojambula cha mmene ntchito inathera sichinapangidwe n'komwe. Iye anaona njira yotseguka n'kudutsamo. Nditaimba foni ku ofesi kufotokoza zonsezi, yankho linali lakuti, "Ikanipo ferrite mubwereko, kuli ntchito ina." Ferrite, mphete yovekedwa pa mawaya pochepetsa phokoso, imathandiza, ndipo ikavekedwa pa mawaya atatu a mota pamodzi, earth atasiyidwa kunja, imachepetsadi timinga. Koma sichotsa mamita 14 a mawaya ogonerana. Ndinakana kutseka ntchito mwa njira imeneyo.

Lachinayi tinakoka kebulo yatsopano yolamulira, ya mawaya opotana ndi shield, kudzera njira ina, motalikirana ndi kebulo ya mota osachepera 300 mm. Pamalo amodzi pamene zinayenera kukumana tinazidutsanitsa mopingasa pa madigiri 90. Shield tinailumikiza ku earth mbali ya module yokha, mbali inayo tinaidula bwino n'kuikulunga, ndipo pa junction iliyonse tinailumikiza kuti isaduke panjira. Izi zokha zinathetsa kunjenjemera kooneka ndi maso, koma pa oscilloscope timinga tinalipobe, tochepa. Gwero likasiyidwa, mawa lidzalowa mu intercom kapena mu kamera.

Kebulo ya mota yokhala ndi shield inafika Lachisanu, titakangana. Musanagwire VFD, zimitsani, tsekani ndi loko, dikirani mphindi zimene zalembedwa pa chivundikiro chake, kenako yezani DC bus, chifukwa ma capacitor ake amasunga mavolti opitirira 300 ngakhale magetsi atazima. Shield ya kebulo ya mota imagwidwa mbali zonse ziwiri, ku VFD ndi ku mota, ndi gland kapena clamp yoizungulira yonse. Chizolowezi chija choipota n'kupanga kamchira kokamangira pa earth chimaononga ntchito yonse, popeza pa ma frequency apamwamba kamchira ka masentimita 10 kamatsekereza phokoso m'malo molipatsa njira. EMC filter, yotchinga phokoso la VFD kuti lisabwerere mu mawaya a magetsi, tinaiika pafupi penipeni ndi VFD, pa mbale yachitsulo imodzi, penti titapala pamalo okhudzana, ndipo mawaya olowa mu filter sitinawagoneke pamodzi ndi otuluka.

Filter ndi kebulo ya shield zimaonjezera magetsi otayikira ku earth, ndiye tinayeza ndi clamp meter pampu ikuyenda. RCD, chitetezo chimene chimadula magetsi akamatayikira ku earth, ikakhala ya 30 mA imaloledwa kugwa kuyambira pa 15 mA, choncho musamaone ngati muli ndi malo ambiri. Pampu tinaipatsa chitetezo chakechake, cha mtundu umene buku la VFD likunena. Ndamvapo ena akuti amachotsa earth kuti phokoso lithe kapena kuti RCD isiye kugwa. Kumeneko n'kuika moyo wa munthu pachiswe, makamaka pa chipangizo chimene chimagwira madzi opita kubafa.

Nyumba ya mizere italiitali chonchi ikanayenera DALI, njira ya digito yolamulira kuwala m'malo mwa 0-10V, kuyambira pachiyambi. Imayenda pa mavolti pafupifupi 16, pa liwiro la 1200 bit/s, ndipo pansi pa 6.5V imawerenga china, pamwamba pa 9.5V china, kotero kagwedezeko ka 0.3V sikasintha kuwala. Imafika mamita 300 pa waya wa 1.5 mm², ndi ma adiresi 64 pa mzere umodzi, ndipo imaloledwa kuyenda limodzi ndi mawaya a magetsi wamba. Ngakhale zili choncho, sindingaimangirire pa kebulo ya mota ya VFD.

Popereka ntchito tinayesa pa 5%, 15%, 50% ndi 100%, makatani ali otseka, mipopi ikutsegulidwa ndi kutsekedwa, geti ikuyenda, AC yoziziritsa mpweya ikudzuka. Kuwala sikunasunthe, ndipo mzere wa pa oscilloscope unali wosalala. Mu lipoti ndalembamo njira imene kebulo iliyonse yadutsa, ndi zithunzi, komanso kuti aliyense wodzaonjezera mota kapena inverter asadzadutse mu trunking ya magetsi owunikira. Sabata yamawa tikuyamba nyumba ina ya pulani yofanana, ndipo pa mndandanda wa katundu wotuluka ndaonapo kale mpukutu wa kebulo ya alamu. Ndawauza kuti sitikoka waya wolamulira ngakhale mita imodzi kufikira kebulo yolembedwa pa pulani itafika.