Chofunda chija chatha, zikomo nonse

Chofunda cha zigamba chija, chimene ndinkasokera mwana wa malemu mnzanga, ndachimaliza. Ulusi womaliza ndinaudula Lachinayi usiku magetsi atathima, mwana wanga wamkazi akundiunikira ndi foni, ndipo Loweruka tinakwera minibasi ya ku Thyolo kukachipereka kwa mwini wake. Ambiri mwakhala mukundifunsa, ena kutchalitchi, ena pa WhatsApp, kuti kodi chija chili pati. Kwa zaka ziwiri yankho langa linali limodzimodzi, kuti ndikupita nacho pang'onopang'ono. Lero ndikuti chatha, ndipo ndabwera kudzagwada pamaso panu chifukwa sindinachisoke ndekha.

Kwa amene simundidziwa bwino, ine sindine telala. Ndine mphunzitsi wa ku pulayimale, kusoka ndimachita ndikaweruka komanso pa holide. Ndinatengera mayi anga, amene sankataya kansalu ngakhale kochepa ngati chikhatho cha mwana. Ndimatola tizidutswa ta zitenje totsala kwa matelala n'kumalumikiza kuti tikhale zofunda za makanda, timatumba tonyamulira Baibulo ndi buku la nyimbo, maepuloni, nsalu zovundikira mapilo. Sindinagulitsepo n'chimodzi chomwe. Mayi akachira m'dera lathu, anzanga amapita kukaona mwana ndi sopo kapena shuga, ine ndimapita ndi kachofunda ka zigamba.

Lolemba pa 13 Marichi 2023, namondwe wa Freddy atagwetsa mvula masiku angapo osalekeza, matope ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kulowa m'Chilobwe. Sindibwereza zimene tinaona, poti ambiri mwa inu munali pomwepo, ndipo dziko lonse linataya anthu oposa 1,000. Kwathu khoma lakumbuyo linagwa, matope anafika m'mawindo, koma tonse tinatuluka amoyo. Mnzanga wokhala kumtunda kwathu, amene tinkaitanana kuti achemwali ngakhale sitinabadwe bere limodzi, sanatuluke. Anasiya mwana mmodzi wamkazi, amene anapulumuka chifukwa ankakhala ndi agogo ake ku Thyolo komwe ankaphunzira. Chofundachi ndi cha mwana ameneyu.

Ndiyambe ndi inu anyamata a m'dera lathu amene munabwera ndi makasu ndi mafosholo patapita sabata ziwiri, ife tikugonabe m'kalasi pasukulu. Munali otopa kale ndi ntchito yoopsa yofukula anthu. Ine ndinangoti mundifufuzire mapoto ndi zikalata za ana, koma mmodzi wa inu anakumbukira kuti pakona ya pabalaza pankakhala makina. Munakumba mpaka munawapeza, makina a Singer opalasa ndi phazi amene mayi anga anandisiyira. Thabwa lake linali litafufuma n'kung'ambika, mutu wake utadzaza matope, gudumu losatembenuka. Pambali pake munapezanso chidebe cha pulasitiki chokhala ndi chivundikiro, mmene ndinkasungira tizidutswa. Madzi analowa pang'ono chabe. Simunadziwe kuti theka la tizidutswa timeneto anandibweretsera ndi achemwali anga aja, nthawi zonse akachokera kwa telala wawo.

Abambo okonza makina a ku Limbe, ndikudziwa kuti za pa intaneti simuwerenga, koma mdzukulu wanu wandilonjeza kuti akuwerengerani. Ena awiri anali atandiuza kale kuti ndingogulitsa kwa ogula zitsulo. Inu munayang'ana mutu uja nthawi yaitali, munaugogoda ndi chala, n'kundiuza kuti ndibwere pakatha mwezi. Munaumasula kachitsulo kamodzikamodzi, n'kuviika zonse m'palafini, kupala dzimbiri, kusintha kachikho ka bobini ndi lamba, kenako n'kutchuna kuti singano ndi kokowera ulusi ka pansi zizikumana pa nthawi yake. Tsiku limene ndinabwera munatenga kansalu koyera, munasoka mzere umodzi wowongoka, n'kundipatsa kuti ndione ndekha mbali zonse ziwiri. Munalandira ndalama ya zipangizo zokha, ya manja anu munakana. Akalipentala a kutchalitchi kwathu, inunso zikomo. Thabwa limene makinawa akukhalira lero munalipala kuchokera ku chitseko cha nyumba yathu yakugwa ija.

Makina anabwera kunyumba ya lendi imene tinasamukira, koma ndiulule kuti anakhala chaka chathunthu ali chivundikire. Ndikangokhudza chidebe chija, manja ankachita dzanzi. Mvula ikayamba kulira padenga la malata ndinkadzuka n'kukhala pakhomo mpaka kuche. Bambo a ana anga, simunandifulumize ngakhale tsiku limodzi. Mwezi ndi mwezi munkavundukula makina aja, kudontheza mafuta m'timabowo take, kupalasa pang'ono kuti asagwire dzimbiri, n'kuvundikiranso mwakachetechete. Munkayesa kuti sindikuona. Ndinkaona.

Amene munandidzutsa ndinu amayi anzanga a Mvano. Tsiku lina titaweruka ku mapemphero a Lachinayi, mayi mmodzi wachikulire anandikokera pambali n'kundipatsa chitenje chopindidwa bwino. Anati malemu anawabwereka pa maliro ena mvula itawanyowetsa, ndipo sanapeze mpata wobweza. Sanadziwe kuti achite nacho chiyani, kuvala sakanatha, kutaya sakanatha. Sabata yotsatira wina anabwera ndi chitenje cha yunifolomu ya chinkhoswe chimene tonse tinavala limodzi ndi malemu. Wina anabwera ndi mpango. Winanso anabweretsa mbereko imene malemu anamupatsa mwana wake woyamba atabadwa. Nyumba ya achemwali anga inapita yonse, panalibe ndi supuni yomwe yotsala, koma nsalu zawo zinali zitamwazikana m'makomo mwa anthu chifukwa anali munthu wopatsa. Akuluakulu anati kupatsa n'kuika. Ine mwambi umenewu ndinaumvetsa tsiku limene ndinayala nsalu zisanu ndi ziwiri pamphasa n'kuona kuti zonse zinatuluka m'manja mwa munthu mmodzi.

Komabe nsalu za malemu sungangozilowetsa sizasi ngati zako. Ndinapita ku Thyolo kukagwada kwa agogo a mwanayo ndi kwa amalume ake, eni mbumba. Malume, munandimvetsera mpaka ndinamaliza, ngakhale ndinkalankhula mosokonekera. Munafunsa funso limodzi lokha, ngati mwanayo wavomera. Titamuitana anagwedeza mutu osayankhula. Agogo, inu munalowa m'nyumba n'kutuluka ndi zitenje zina ziwiri zimene mwana wanu ankavala akabwera kumudzi, kuphatikizapo chofiira chija chimene ankapita nacho kudimba. Munawonjezeranso chanu chakalekale cha ku fakitale ya David Whitehead, chimene munati munkaberekera malemu ali khanda. Nsalu imene ija yachapidwa kosawerengeka koma thonje lake likadali lolimba kuposa zambiri zimene tikugula masiku ano. Zikomo pondikhulupirira ndi chuma chotere.

Ndifotokoze pang'ono mmene chinasokedwera, poti ena mwafunsa. Chitenje chakale chimafuna ulemu. Chimakhala chofewa, ndipo pamene mwini wake ankamangira m'chiuno ndi m'mapindiro mumakhala mutapyapyala. Ndinkayamba ndachiyanika padzuwa n'kuyang'ana pamene kuwala kukudutsa kwambiri, pamenepo n'kupalambalala ndi choko. Tizidutswa tatsopano ta kwa matelala ndinkatichapa patokha mpaka madzi atasiya kusintha mtundu, chifukwa nsalu yatsopano imataya utoto komanso imafupika ikachapidwa koyamba. Ukailumikiza ndi yakale usanaichape, chofunda chimadzakwinyika tsiku loyamba kulowa m'beseni. Ndikatero ndinkasita zonse ndi simbi yamakala ndisanadule.

Kasokedwe kake ndi kamene ku America amati log cabin, kamene mwana wanga anandionetsa pa YouTube. Umayamba ndi kabokosi kamodzi pakati, n'kumazunguliza timizere ta nsalu, kamodzi pambuyo pa kanzake, mbali ina towala, mbali ina toderako. Kumeneko kabokosi ka pakatiko amakonda kuika kofiira, poimira moto wa m'nyumba. Nditamva zimenezi ndinadziwiratu ntchito ya chitenje chofiira cha kudimba chija. Ndinadulamo timabokosi 35, ndipo chigawo chilichonse cha chofundachi chili ndi moto wake pakati, ngati pa mafuwa. Chigawo chimodzi n'cha masentimita 30 mbali zonse ndipo chili ndi tizidutswa 13. Zigawo zisanu m'lifupi, zisanu ndi ziwiri m'litali, zonse pamodzi tizidutswa 455. Pang'onopang'ono ndi mtolo ndithu. Masiku ena ndinkasoka chigawo chathunthu, masiku ena ndinkalumikiza timizere tiwiri n'kuvundikira makina chifukwa maso sakuona bwino ndi misozi.

Zitenje za malemu pazokha sizikanakwana. Apa ndithokoze matelala a m'makonde a ku Limbe ndi ku Ndirande amene kwa zaka zambiri mwakhala mukundisungira tizidutswa m'majumbo m'malo motaya kapena kuotcha. Mutamva za ntchitoyi munayamba kundipatulira tooneka bwino. Mmodzi wa inu anachita kudula dala chidutswa cha nsalu yake yatsopano yobiriwira ngati minda ya tiyi, nati mwana wa ku Thyolo ayenera kukhala ndi mtundu wa kwawo. Alamu anga a ku Johannesburg, kampeni kozungulira ngati gudumu kamene munatumiza pa basi, pamodzi ndi mphasa yake yodulirapo, kanandithandiza kwambiri. Ndi sizasi timizere tinkatuluka tokhota, ndipo pa kasokedwe aka kukhota kwa kamzere kamodzi kumakula pamene ukuzunguliza, mpaka chigawo chonse chimakana kukumana ndi chinzake.

Alipo amene anandifunsa mwachikondi kuti bwanji osangogula bulangeti kusitolo, mwana afunde msanga. Munanena zoona, ndipo bulangeti tinamugulira chaka chomwecho chisanu chisanafike, poti mwana sangadikire zaka ziwiri akunjenjemera. Koma mwanayu analibe chithunzi cha mayi ake ngakhale chimodzi chogwirika m'manja, analibe diresi lawo, analibe kanthu koti aloze n'kunena kuti aka kanali ka amayi. Chimene ndinkasoka chinali chimenecho.

Gawo lomaliza ndi limene sindidzaiwala. Chofunda chotere chimakhala ndi nsalu zitatu: ya zigamba pamwamba, bulangeti lopepuka pakati, limene ndinalipeza pa kaunjika ku Limbe, ndi shiti ya thonje pansi. Zitatuzi zimayenera kusokedwa pamodzi ndi manja, kuyambira pakati kupita m'mphepete kuti pasatsale matumba. Ndekha zikananditengera miyezi. Amayi anayi a Mvano munabwera Loweruka lililonse kwa milungu isanu ndi umodzi, aliyense ndi singano yake. Tinkayala mphasa ziwiri pabalaza, bambo ndi ana n'kukakhala panja, ife n'kugwada mozungulira. Tinkaimba nyimbo zimene malemu ankakonda kutsogolera. Tinkakambanso nkhani zawo, za mandasi awo amene ankatha isanakwane 8 koloko, za mmene ankalowerera ana akamamenyana pa mjigo. Kanali koyamba kuti nditchule dzina lawo mokweza osatsamwa. Masokedwe anu ndi osiyana, wina amatalikitsa, wina amafupikitsa, ndipo ndawasiya momwemo osamasula ngakhale pamodzi. Mayi wachikulire uja, mawondo anu ndi ovuta koma simunajombe. Mulungu abwezeretse pamene mwachotsa.

Ana anga, zikomo podya nsima mochedwa masiku ambiri osadandaula, komanso potola singano zakugwa musanaziponde. Aphunzitsi anzanga amene munkanditengera kalasi masiku amene mutu unali wosagwira, sindinaiwale. Inunso amene munatumiza kangachepe pa foni kuti ndigulire ulusi, ena mwa inu sitinaonanepo n'komwe, landirani kuthokoza kwanga.

Tsopano iwe mwana wanga, poti mwana wa mnzako ngwako yemwe. Loweruka titayala chofunda chija pamkeka pakhonde la agogo ako, sunalankhule. Unagwada n'kuyamba kuyendetsa chala chigawo ndi chigawo. Unaima pa kansalu kachikasu ka maluwa ang'onoang'ono n'kunena kuti aka amayi anavala tsiku limene anabwera kudzakuona kusukulu uli sitandade 5. Ine sindinkadziwa zimenezo, ndinangokapeza m'chidebe. Kenako unapeza ka mbereko, agogo n'kukuuza kuti mayi akonso anagonapo pa nsalu imeneyo. Zikomo pondilola kudula nsalu za mayi ako, ndiponso pondidikira osandifunsa ngakhale kamodzi. Juni wayandikira, chiperoni cha kwanuko ndimachidziwa. Upite nacho kusukulu, ufunde, usachisunge m'sutikesi poopa kuti chitha. Pochapa uzigwiritsa madzi ozizira, osachipotokola mwamphamvu, ndipo uziyanika pamthunzi. Pakadzang'ambika udzabwere nacho, ndasunga tizidutswa ta nsalu iliyonse m'kathumba kolembedwa dzina lako.

M'chidebe muja mwatsalabe tizidutswa tambiri, ndipo matelala akupitiriza kutumiza majumbo. Amayi anayi aja akana kuti Loweruka lathu lithe, ndiye tagwirizana zoyamba kusoka tizofunda ta makanda, poyambira ndi ana atatu amene akuyembekezeka kubadwa mumpingo mwathu chisanu chino. Timakumana pakhonde pathu kuyambira 2 koloko masana. Amene akufuna kuphunzira abwere ndi singano ndi chitenje chimodzi chakale chochapa kale.