Mayi akathyoka dzanja atangoterereka pakhomo

Mayi wa zaka zopitirira 50 akabwera atathyoka dzanja chifukwa chongoterereka pakhomo, sindimangomanga pulasitala n'kumuuza kuti azipita. Fupa lolimba silithyoka ndi kugwa kotere, ndiye ndimafufuza chimene chalifooketsa, makamaka osteoporosis, matenda ofooketsa mafupa.

Ndimayamba ndi mafunso. "Amayi, munasiya liti kusamba? Munabayitsapo Depo zaka zingati? Mumamwa prednisolone?" Prednisolone, mankhwala ochepetsa kutupa, akamwedwa kupitirira miyezi itatu amadya mafupa mwakachetechete. Ndimafunsanso za fodya, mowa ndi ma ARV, chifukwa tenofovir amene ali m'mapiritsi a ma ARV otchedwa TLD amatha kuchepetsa mphamvu ya mafupa, ndipo mwa ena amachititsa impso kutaya fosifeti (mchere womanga mafupa) mumkodzo. Koma ma ARV sasiyidwa ayi. Ngati pakufunika kusintha, tikambirana ndi a kiliniki yawo.

Kenako ndimayeza msinkhu. Ngati wafupika ndi masentimita 4 kapena kuposa poyerekeza ndi utsikana wake, kapena msana wayamba kupindika, ndimatumiza ku ekisire ya msana. Mafupa a msana amaphwanyika osamveka, mwini wake n'kumati ndi ukalamba basi.

Magazi ndimayeza kashiamu, fosifeti, ALP (imene imakwera pa matenda ena a mafupa) ndi creatinine (yosonyeza mmene impso zikugwirira ntchito). Apa m'pofunika kusamala. ALP ikakwera pomwe fosifeti kapena kashiamu watsika, mafupawo ndi ofewa chifukwa chosowa vitamini D kapena vuto la impso, ndipo kupereka alendronate, mankhwala olimbitsa mafupa, musanakonze zimenezi kumatsitsiratu kashiamu m'magazi. Makina a DXA, oyeza kulimba kwa mafupa, sapezeka m'zipatala zambiri. Akapezeka, T-score (nambala imene makinawo amatulutsa) ya -2.5 kutsika m'munsi ikutanthauza osteoporosis, koma wothyoka chiuno kapena msana atangogwa sindimudikiritsa makinawo kuti ayambe mankhwala.

Alendronate ndi 70 mg kamodzi pa sabata. Ambiri amalakwitsa kamwedwe, ndiye ndimafotokoza pang'onopang'ono: m'mamawa asanadye kanthu, ndi kapu yodzadza ya madzi okha, osati tiyi kapena phala, zimene zimatsekereza mankhwala kulowa m'thupi. Akatero akhale tsonga kapena ayendeyende mphindi 30 asanadye. Akagona, piritsi limawotcha kum'mero. Ngati eGFR (muyeso wa mphamvu ya impso) ili pansi pa 35, mankhwalawa sindipereka.

Pamwamba pake vitamini D 800 IU patsiku ndi kashiamu wokwana 1,000 mpaka 1,200 mg, wambiri achokere m'zakudya: usipa ndi matemba odyedwa ndi minga yomwe, bonongwe, mkaka. Kunyumba achotse mikeka yoterera ndi kuika nyali panjira ya kuchimbudzi. Ndimamuonanso pakatha miyezi itatu kuti ndimve ngati akumwa bwino, ndipo pakatha zaka 5 timaunika ngati apitirize kapena apume.