Nyumba ya bwana wa ndende pa Alcatraz

Sabata ino ndinali ndi magulu a alendo mpaka Loweruka, kukwera boti pa Pier 33 ku San Francisco kupita pachilumba cha Alcatraz. Ntchito yoperekeza alendo imapha miyendo abale, kuchokera padoko kukafika pamwamba ndi chitunda chenicheni ndiye onjezani mphepo ndi chifunga, Lachiwiri jekete inachita kunyowa popanda ndi mvula yomwe.

Alendo ambiri amathamangira kumaselo, akufuna aone komwe ankagona chigawenga chotchuka Al Capone ndi timabowo tomwe akaidi Frank Morris ndi anyamata a kwa Anglin anathawira mu 1962. Chibwinja cha nyumba ya bwana wa ndende chili pafupi ndi nsanja ya nyali yotsogolera zombo chija amangochidutsa. Ine ndimawaimitsa pomwepo dala, chifukwa kwa ine mbiri ya ndendeyi ili pamenepo.

Nyumbayi anaimanga m'zaka za m'ma 1920 pomwe pachilumbapa panali ndende ya asilikali, ankakhalamo ndi mkulu wawo. Itasanduka ndende ya boma mu 1934 analowamo a James Johnston omwe anakhala mpaka 1948, kenako a Swope, a Madigan, womaliza a Blackwell mpaka ndende kutsekedwa mu 1963. Nyumba yosanjikizana, mawindo akuluakulu oyang'ana tauni yonse, koma masitepe ochepa okha kuchokera pakhomo la maselo. Ophika ndi osesa mmenemo anali akaidi omwewo, aja odalirika, munthu masana akupukuta mbale za bwana madzulo akukamutsekera m'kachipinda koti ukatambasula manja ukhudza makoma onse awiri. Lachinayi mayi wina wachikulire atamva zimenezi anangoti kukamwa yasa, anandifunsa kawiri ngati akazi a bwana sankaopa.

Pano pangotsala makoma a konkire, denga palibe, mkati mwamera tchire ndipo mbalame zam'nyanja zapaka zitosi paliponse, fungo lake musanene. Inapsa mu June 1970 nthawi yomwe Amwenye a ku America, mitundu ija inali kale m'dzikomo azungu asanabwere, analanda chilumbachi, anabwera mu Novembala 1969 n'kuchotsedwa mu 1971. Lachisanu nkhani ya motoyo inautsa mkangano pagulu langa, bambo wina akuti anayatsa ndi olandawo, mtsikana wa ku yunivesite akuti ayi olandawo ankaloza chala anthu a boma. Ndinawauza kuti mbali ziwirizi zinalozana zala kuyambira nthawi yomweyo, koma anapitiriza kukangana mpaka mu boti, tipi yanga n'kuiwalika.