Zikomo kwa nonse amene munaima nane pa nthawi ya mayesero

Abale ndi alongo mwa Ambuye, komiti yofufuza nkhani yanga yapeza kuti ndilibe mlandu, ndipo ndabwerera kuntchito kumene ndinaimitsidwa nditakana kusainira lipoti la ndalama lomwe manambala ake anali abodza. Ndikuyamika Mulungu, ndipo ndikufuna kukuthokozani nanunso poyera.

Abusa, zikomo chifukwa simunandilonjeze kuti zinthu zidzandiyendera bwino. Mutabwera kunyumba munatsegula Danieli 3:17-18, pamene anyamata atatu aja anauza mfumu Nebukadinezara kuti Mulungu wawo angathe kuwalanditsa m'ng'anjo yamoto, koma ngakhale atapanda kutero, iwo sadzalambira fano lagolide. Munabwereza mawu omalizawo pang'onopang'ono, chala chanu chili pa vesilo, kenaka munandifunsa ngati ndikanakanabe kusaina ndikanadziwa kuti ntchito ithera pomwepo. Funsoli linandilasa mumtima, pakuti ndi pomwe Satana anagwira pa Yobu 1:9-11, ponena kuti Yobu amaopa Mulungu chifukwa cha madalitso okha, ndipo akalandidwa zonse adzamutukwana. Ndikukhulupirira tsopano kuti kukhala wangwiro pamaso pa Mulungu si malonda oti munthu apereke kukhulupirika kuti alandire mtendere, koma ndi mtima wosagawanika, umene umachita mseri zomwezo zimene umachita poyera. Yosefe atakana mkazi wa Potifara, chimene anayamba kulandira chinali ndende, ndipo Salimo 15:4 limayamikira munthu amene sasintha lumbiro lake ngakhale likumupweteka.

Mayi a ana anga, inu simunandifunsepo chifukwa chimene sindinangosainira ngati anzanga. Ndinkakumvani mukupemphera pakati pa usiku, motsitsa mawu kuti ana asamve kuti mukulira, koma kukacha munkandisitira malaya monga kale kuti ndikaonekere ku komiti ngati munthu wopanda chobisa.

Ndikuthokozanso abale a mumpingo amene munkabwera kudzangokhala nane osandipanikiza ndi mafunso. Anzake a Yobu anachita bwino masiku asanu ndi awiri amene anakhala chete, ndipo analakwa atayamba kumufunira tchimo lomwe analibe.

Pali mnzanga wina wa kuntchito amene anaikira umboni woona pa nkhaniyi, ndipo mpaka lero akukumana ndi zovuta chifukwa cha zimenezo. Dzina lake sinditchula, koma ndikukupemphani kuti mapemphero amene munkandipempherera ine muwapitirize pa iye ndi banja lake.