Wotchi ya seva ikanama, backup imapita

Sabata ino pa kosi yathu ya Linux (pulogalamu yaikulu yoyendetsa kompyuta) kuno ku Zomba takhala tikulimbana ndi cron, pulogalamu imene imayendetsa ntchito pa nthawi yomwe waiuza. Ukalemba 0 2 * * * mu crontab, fayilo ya ndandanda ya cron, ndiye kuti backup (kukopera mafayilo kuti asatayike) iziyamba 2 koloko usiku uliwonse. Koma cron sadziwa kuti kunja kwada kapena kwacha. Amangomvera wotchi ya makinawo.

Wotchiyo imadalira kabatire kooneka ngati ndalama yachitsulo, CR2032, kamene kamakhala pa motherboard, bolodi lalikulu la m'kati mwa kompyuta. Kakatha mphamvu, magetsi n'kuthima, seva (kompyuta yotumikira makompyuta ena) imadzuka ili m'chaka china chakale. Tinayesa pa kompyuta yakutha ya mu labu: kuchotsa kabatireko, kuzula pulagi, kuyatsanso. Backup inayenda bwinobwino, osadandaula, koma fayilo inatuluka ndi deti la zaka zambiri zapitazo.

Chondiopsa ine chili pa mzere womaliza wa script ya backup (fayilo ya malamulo imene cron amayendetsa), umene ambiri timangokopera: find -mtime +30 -delete. Ntchito yake ndi kufufuta ma backup opitirira masiku 30 kuti disiki isadzaze. Wotchi ikangokonzeka, fayilo ya dzulo ija imaoneka yakalekale, n'kufufutidwa. Wotchi ikalumphira kutsogolo ndi miyezi iwiri, zonse zimene unasunga zimapita usiku umodzi, log (kaundula wa zochitika) n'kulemba kuti ntchito yayenda bwino. Backup imene yalephera kuyamba ndi yabwinoko, chifukwa m'mawa umaona kuti palibe chatsopano.

Cron wa pa Debian, mtundu wina wa Linux, amayesetsa ndithu. Nthawi ikasuntha ndi maola osakwana atatu kupita kutsogolo, amayendetsa ntchito zimene zadumphidwa. Ikabwerera m'mbuyo, sabwereza zimene wachita kale. Kupitirira maola atatu amangoti wotchi yakonzedwa, n'kutsatira nthawi yatsopanoyo.

Aphunzitsi atafunsa mankhwala ake, tonse tinayankha kuti NTP, ija yofunsa nthawi pa intaneti. Iwo anaseka. Pulogalamu ya NTP yotchedwa ntpd ikaona kuti kusiyana kwapitirira masekondi 1000 imangodzitseka, pokhapokha utaiyatsa ndi -g. Chrony, pulogalamu ina ya NTP, ili ndi makestep, yolola wotchi kulumpha pamene makina akuyaka. Komanso magetsi akabwera, seva imatha kudzuka rauta (kachipangizo kolumikiza ku intaneti) isanalumikize, ndiye nthawiyo aifunsa kwa ndani? Wotumiza backup ku Amazon S3, malo osungira mafayilo pa intaneti, naye sapulumuka: wotchi ikasiyana ndi mphindi zoposa 15, pempho limakanidwa.

Za time zone sindichedwapo. Ife tili pa UTC+2 (maola awiri patsogolo pa UTC, nthawi yoyezera dziko lonse lapansi) chaka chonse, choncho 2 koloko ya seva yoikidwa pa UTC ndi 4 koloko m'mamawa kwathu kuno.

Script yanga tsopano imayamba yafunsa timedatectl, lamulo loonetsa ngati wotchi yagwirizana ndi nthawi ya pa intaneti. Ikapanda kupeza "System clock synchronized: yes", imasunga backup koma siifufuta kanthu, n'kunditumizira imelo. Lolemba tikaiyesa pa kompyuta yopanda batire ija.